Deror: Ufulu Wolengezedwa, Nkulandidwanso

Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe liwu limodzi la Chihebri lakuti deror. Ndi liwu losowa ndithu. M'Chipangano Chakale chonse, ndi kasanu ndi kawiri kokha pamene likutanthauza ufulu: kamodzi mu Levitiko 25:10, kamodzi mu Yesaya 61:1, kamodzi mu Ezekiele 46:17, ndi kanayi mu Yeremiya 34. Deror si mtendere wa mumtima chabe ayi. Ndi chilengezo chapoyera chakuti kapolo amasulidwe ndi kubwerera kwa abale ake, munda wogulitsidwa ubwererenso kwa mwini wake. Ndime ya Yesaya ija ndiyo imene Ambuye Yesu adawerenga m'nyumba yamapemphero ku Nazarete, monga tikumvera pa Luka 4:18. Chokondweretsa n'chakuti mu Salimo 84 ndi mu Miyambo 26:2, liwu lomweli ndi dzina la kambalame kamene omasulira ambiri amati namzeze, kaja sikawetedwa m'khola.

Koma taonani kuti liwuli likuchulukitsa m'mutu wa nkhani yochititsa manyazi. Cha m'ma 588 Khristu asanabadwe, Ababiloni atazinga Yerusalemu, mfumu Zedekiya idapangana ndi anthu ake kuti aliyense amasule akapolo ake Achihebri. Adalumbira m'Nyumba ya Mulungu, nadula mwanawang'ombe pakati, nadutsa pakati pa zibanthu ziwirizo. Akapolo adamasulidwadi. Koma gulu lankhondo la ku Ejipito litayandikira, Ababiloni nkuyamba achokapo, eni akapolo aja adaona ngati zoopsa zatha, ndipo adawagwiranso onse. Yankho la Mulungu kudzera mwa Yeremiya n'lowawa: poti adakana kulengeza deror kwa abale awo, Iye adzalengeza deror pa iwo, kuwalekerera ku lupanga, mliri ndi njala.

Ife a kuno kunyanja nkhani yotere si yachilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah, amene adatchedwa Jumbe, adakhazikika ku Nkhotakota. Zombo zake zamatanga zinkaolotsa anthu ogwidwa m'midzi kupita nawo kutsidya lakum'mawa, ndipo kuchoka kumeneko ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku msika wa ku Kilwa. David Livingstone adafika kuno koyamba mu 1861, ndipo mpaka lero timalozera alendo mkuyu umene mbiri imati adakhala patsinde pake pochonderera kuti malondawa athe. Mawu adayankhulidwa, mzungu adapita, zombo zidapitiriza kuoloka zaka pafupifupi 30. Mu 1889 Harry Johnston adapangana ndi Jumbe wa nthawi imeneyo kuti aleke malonda a akapolo, iye azilandira ndalama kuchokera kwa Angerezi. Ufulu wochita kuugula pachaka chotere sitingautche deror wa Levitiko. Pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe womaliza adachotsedwa pampando, natumizidwa ku Zanzibar.

Pamenepo malonda adatha, koma theka lachiwiri la deror silidachitike. Levitiko akulamula kuti womasulidwa abwerere ku banja lake ndi ku dziko la makolo ake. Amene adaolotsedwa kuchokera padooko la Nkhotakota adathera m'minda ya ku Zanzibar ndi Pemba, ena kutali kuposa apo, ndipo ambiri adafera m'njira asanaione nkomwe nyanja yamchere.