Nthawi ya ma steroid mu baseball

Nthawi ya ma steroid ndi dzina limene limapatsidwa zaka zoyambira chakumapeto kwa m'ma 1980 kufika chapakati pa m'ma 2000 mu Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ya ku United States ndi Canada. Pa zaka zimenezi osewera ambiri ankagwiritsa ntchito mankhwala okulitsa minofu, ndipo ligi sinkawayeza mpaka 2003. Popeza panalibe kuyeza, chikayiko chinagwera pafupifupi aliyense amene ankamenya ma home run ambiri, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Home run ndi mphamvu

Mu baseball, woponya amaponyera mpira womenya, amene amaumenya ndi ndodo kenako n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oimapo. Home run imachitika mpira ukadumpha mpanda wa kumapeto kwa bwalo usanagwe pansi. Zikatero womenyayo amazungulira popanda womutsekereza, ndipo iye ndi anzake amene anaima kale pamalowo amapezera timu mapointi. M'mabwalo ambiri mpandawo uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 100 m'mbali ndi 120 chapakati.

Ma steroid ndi mankhwala opangidwa motsanzira testosterone. Sapatsa munthu diso lakuthwa loti aone mpira wothamanga makilomita 150 pa ola. Koma kwa munthu waluso kale, mphamvu yowonjezera ikhoza kupangitsa mpira umene ukanawakhidwa pafupi ndi mpanda kuti udumphe. Amathandizanso thupi kuchira msanga, zomwe n'zofunika m'ligi imene timu iliyonse imasewera magemu 162 pachaka. Kuipa kwake n'kwakuti amawononga mtima ndi chiwindi.

Rekodi ya Maris

Babe Ruth anamenya ma home run 60 mu 1927, ndipo Roger Maris anafika pa 61 mu 1961. Onse awiri anali a New York Yankees. Kwa zaka 37 palibe anaposa Maris. Kenako m'zaka zinayi zokha, kuyambira 1998 mpaka 2001, nambalayo inapyoledwa kasanu ndi kamodzi, ndi anthu atatu.

Mu 1994 osewera ananyanyala ntchito, ndipo mpikisano womaliza wa World Series sunachitike. Okonda masewerawa anakhumudwa. Chimodzi mwa zimene zinawabwezera chidwi ndi mpikisano wa mu 1998 pakati pa Mark McGwire wa St. Louis Cardinals ndi Sammy Sosa wa Chicago Cubs. Pa 8 Seputembala McGwire anamenya home run ya nambala 62, ndipo anamaliza chaka ndi 70, Sosa ndi 66. Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, mtolankhani wa Associated Press, Steve Wilstein, analemba kuti anaona botolo la androstenedione pamalo pamene McGwire ankasungira zovala. Mankhwalawo ankagulitsidwa poyera ndipo baseball inali isanawaletse, ngakhale kuti pa masewera a Olympics anali oletsedwa. Ambiri anadzudzula mtolankhaniyo m'malo mwa wosewera.

Mu 2001 Barry Bonds wa San Francisco Giants anamenya 73 ali ndi zaka 37, msinkhu umene osewera ambiri amakhala atayamba kutsika. Izi zisanachitike anali asanapitirirepo 49.

Lamulo lopanda kuyeza

Boma la United States linaika ma steroid m'gulu la mankhwala osaloledwa popanda chilolezo cha dokotala mu 1990. Chaka chotsatira mkulu wa ligi, Fay Vincent, analembera matimu kalata yowaletsa. Koma kuyeza kunafunika mgwirizano ndi bungwe la osewera, limene linkakana ponena kuti n'kulowerera moyo wa munthu. Eni matimu nawonso sanakakamire kwenikweni, pakuti ma home run ankadzaza mabwalo.

Mu 2002 Ken Caminiti anauza magazini ya Sports Illustrated kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid mu 1996, chaka chimene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu National League. Mu 2003 ligi inayeza osewera mogwirizana kuti maina sadzaululidwa, ndipo oposa 5 pa 100 alionse anapezeka ndi mankhwala. Zilango zinayamba pang'onopang'ono. Mu 2005 wopezeka koyamba ankaimitsidwa masiku 10, kuyambira 2006 magemu 50, ndipo kuyambira 2014 magemu 80, kachiwiri 162, kachitatu kuchotsedweratu.

BALCO, nyumba ya malamulo ndi lipoti la Mitchell

Mu Seputembala 2003 ofufuza a boma anachita chipikisheni pa kampani ya BALCO ku California, ya Victor Conte, imene inkapereka mankhwala ovuta kuwazindikira poyeza. Mmodzi mwa oimbidwa mlandu anali Greg Anderson, wophunzitsa Bonds masewera olimbitsa thupi. Bonds wakhala akunena kuti sanagwiritsepo ntchito ma steroid akudziwa. Mu 2011 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wosokoneza chilungamo, koma khoti la apilo linafafaniza chigamulocho mu 2015.

Jose Canseco anatulutsa buku lotchedwa Juiced mu Febuluwale 2005, mmene anavomera zake n'kutchulanso anzake. Pa 17 Malichi komiti ya nyumba ya malamulo inaitana osewera angapo. McGwire anakana kukamba zakale. Rafael Palmeiro analoza chala n'kukanitsitsa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho anaimitsidwa atapezeka ndi stanozolol. Lipoti la George Mitchell, limene linatuluka pa 13 Disembala 2007, linatchula osewera oposa 80. Ena mwa iwo anali oponya, monga Roger Clemens, amene anakana ndipo mu 2012 khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wonamiza nyumba ya malamulo. Mfundo yakuti oponya nawonso ankatchulidwa imaiwalika kawirikawiri, chifukwa maso a anthu anali pa omenya.

Ena anadzavomera okha. Alex Rodriguez anatero mu 2009, ndipo pambuyo pake anaimitsidwa chaka chonse cha 2014 pa nkhani ya chipatala cha Biogenesis ku Florida. McGwire anavomera mu Januwale 2010.

Chikayiko chopanda umboni

Nambala yokha inasanduka ngati umboni. Brady Anderson wa Baltimore Orioles anamenya 50 mu 1996, pamene kale anali asanapitirirepo 21, ndipo dzina lake limatchulidwabe ngakhale sanapezekepo ndi mankhwala. Mike Piazza ndi Jeff Bagwell anadikira zaka zingapo asanalowe mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri ku Cooperstown, makamaka chifukwa cha mphekesera. Piazza analowa mu 2016, Bagwell mu 2017.

Panalinso zifukwa zina zochulukitsa ma home run. Ligi inawonjezera matimu awiri mu 1993 ndi ena awiri mu 1998, zomwe zinabweretsa oponya amene kale sakanapeza malo. Imodzi mwa matimuwo, Colorado Rockies, imasewera ku Denver, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpira umauluka patali. Ndipo chaka cha ma home run ochuluka kuposa zonse si cha nthawi ya ma steroid. Mu 2000 anamenyedwa 5,693, koma mu 2019, kuyeza kuli mkati, anafika 6,776, ndipo apo ambiri anakayikira kapangidwe ka mpira.

Marekodi lero

Ligi sinafafanize rekodi iliyonse. Pa 7 Ogasiti 2007 Bonds anaposa ma home run 755 a Hank Aaron, ndipo anamaliza ndi 762. Marc Ecko, amene anagula mpira wa nambala 756, anaudinda kachizindikiro ka nyenyezi kosonyeza chikayiko asanaupereke ku Hall of Fame.

Kuti munthu alowe m'nyumbayo kudzera mwa atolankhani amafunika mavoti 75 pa 100 alionse. Mu 2022, chaka chake chomaliza pa voti imeneyi, Bonds anapeza 66. David Ortiz, amene nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti anali pa mndandanda wa 2003 koma sanapezekenso ndi kanthu, analowa chaka chomwecho. Aaron Judge wa Yankees atamenya 62 mu 2022, ena, kuphatikizapo mwana wa Maris, ananena kuti iyi ndiyo rekodi yeniyeni. Judge mwiniwake anati rekodi ndi 73.