AGOGO AMENE ANATILIPIRIRA FIZI NDI MAKAKA

Akonzi a kalata yathuyi atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu amene anathandiza pa maphunziro athu, ndinayamba ndaganizira za aphunzitsi aakulu amene anayendetsa sukulu yathu ija. Koma mtima unakana. Ndasankha kulemba za mayi amene sanaloŵepo m'kalasi ya sukulu yathu ndi tsiku limodzi lomwe. Ameneŵa ndi agogo anga, obala mayi anga.

Agogo anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Lunzu m'boma la Blantyre. Zaka zawo ankaziŵerengera pa njala ya 1949, ndipo ankati inawapeza ali ndi ana aŵiri, wina woyenda, wina wakumsana. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, kenaka inadula, chimanga n'kuuma chisanamasule ngaiyaye. Madera a Blantyre ndi Chiradzulu anavutika koopsa. Boma la atsamunda linayamba kugulitsa chimanga chapang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake linatsegula misasa yodyetserako anthu amene anali atafookeratu. Linaletsanso kufulula moŵa, ntchito imene amayi ambiri ankapezerapo ndalama.

Njala imeneyi inapha anthu, inaphanso mabanja. Kwathu n'kwa chikamwini, ndipo nkhokwe zitauma amuna ambiri anatsanzika kuti akukafuna chakudya kwawo kapena ntchito kutali, osabweranso. Agogo aamuna anakwera sitima kupita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Anatumiza kalata imodzi ndi bulangete, basi n'kutchona. Agogo anatsala okha. Anayenda wapansi ndi amayi anzawo kukasuma kumapiri a ku Neno, kumene anagwira ganyu yolipidwa chakudya. Pobwerako mwana wakumsana uja anamwalira. Wotsalayo ndiye mayi anga.

Kuchokera chaka chimenecho agogo analumbira zinthu ziŵiri. Choyamba, m'munda mwawo simudzasoŵa chinangwa, chifukwa chinangwa chimapirira dzuŵa pamene chimanga chagonja. Chachiŵiri, mwana wa m'mbumba yawo adzaphunzira. Iwo anaona ndi maso awo kuti panthaŵi ya njalayo amene anali pantchito yolembedwa, monga makalaliki ndi aphunzitsi, ankapeza chakudya msanga kuposa alimi wamba. Ankakonda kutiuza kuti: "Khasu limadikira mvula, koma cholembera chimakolola ngakhale m'chilala."

Lumbiro lachiŵirili linatenga nthaŵi kuti lipherezere. Mayi anga analekezera Sitandade 3 pasukulu ya mishoni chifukwa ndalama zinasoŵa, ndipo agogo anadandaula nazo moyo wawo wonse. Nthaŵi ya Chitaganya inadutsa, ufulu unabwera pa 6 July 1964, mapaundi ndi mashereni zinaloŵedwa m'malo ndi kwacha mu 1971, iwo ali chilimire chinangwa ndi nandolo. Kuŵerenga anaphunzira ali aakulu kale, ku Mvano, kuti azitha kutsegula okha Buku Lopatulika. Dzina lawo ankalilemba mochedwa, lilime lili panja, koma sankalolanso kudinda chala.

Bambo anga atamwalira mu 1988, ife adzukulu asanu tinagwera m'manja mwawo. Achinyamata amene analoŵa sukulu mu 1994 kapena pambuyo pake, pulayimale itakhala yaulere, mwina sangamvetse kuti kale mwana ankabwezedwa pakhomo la kalasi chifukwa cha makwacha oŵerengeka. Agogo ankasenda chinangwa, kuchiyanika padzuŵa n'kukhala makaka, ndipo ankasenza pamutu kukagulitsa pamsika wa Lunzu. Ndalamazo ankazimanga pakansalu kamene kankakhala m'chiuno usana ndi usiku. Amalume akabwera kudzabwereka, yankho linali limodzi: "Izi n'za sukulu, zilibe mwini wina."

Chilala cha 1992 chinayesa lumbiro lija. Chimanga chinapserera m'minda ndipo anthu ankaima pamizere kudikira chimanga chachikasu chochokera kunja. Pakhomo pathu tinadya nsima ya makaka, yakuda ndi yomata m'manja, koma sitinagone ndi njala. Ana a anansi ankadyera nafe limodzi, poti agogo ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chaka chotsatira ndinasankhidwa kubwera kusukulu yathu. M'khola munali mutatsala mbuzi ziŵiri, ndipo zonse zinapita kuti papezeke fizi, yunifolomu ndi bokosi lamalata. Pondiperekeza kokwerera basi anandipatsa chigumu ndi mtedza wokazinga, nati: "Mdzukulu wanga, kumeneko usakaseŵere. Mbuzi zanga zili m'mutu mwakomo."

Anzanga a m'chaka chathu mukukumbukira kuti ndinali wokonda mpira kuposa masamu. Tsiku lililonse ulesi ukandigwira pa nthaŵi ya pulepu, ndinkaona khola lopanda kanthu lija, n'kutsegula buku.

Agogo anatisiya mu 2003, patangopita miyezi yochepa ndimalizire maphunziro ku Chancellor College ku Zomba. Malipiro anga oyamba a m'boma anapita kogula simenti ya manda awo. Chimenechi chimandiŵaŵa mpaka lero, chifukwa ndinkafuna kuwagulira malata a nyumba ali moyo. Mwa adzukulu asanu aja, anayi tinafika Folomu 4.

Ndikudziŵa kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Tikakumana pamsonkhano wapachaka, tavala masuti, aliyense wa ife ali ndi mayi, azakhali kapena agogo amene anagulitsa thobwa, nkhuni kapena zitumbuwa kuti iye akhale pa desiki. Mbiri ya sukulu yathu imatchula aphunzitsi aakulu ndi zaka zimene nyumba zinamangidwa, koma amayi ameneŵa mulibemo.

Choncho ndikupempha komiti yathu zinthu ziŵiri. Tsamba limodzi la kalata ino lizipatulidwira mbiri za makolo otereŵa, tilembe adakali moyo amene akuzikumbukira. Komanso pa zopereka zathu za pachaka tizipatulapo gawo lolipirira mwana mmodzi kapena aŵiri amene asankhidwa koma kwawo kulibe mbuzi yogulitsa. Ine ndayamba kale kupatula yanga.

Mzimu wa agogo uuse mumtendere.