ZITHUNZI ZA DZIKO LINO NDI AMENE ANAZIJAMBULA

Anthu ambiri amaganiza kuti luso la kujambula zithunzi linafika m'dziko lino pamodzi ndi Azungu, monga momwe inafikira njinga ndi sitima ya pamtunda. Maganizo awa ali ndi coona pang'ono, pakuti makina ojambulira ndi utoto wa m'zitini zinacokadi ku Ulaya. Koma munthu woyenda m'mapiri a ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, akalowa m'mapanga ndi kuyang'ana pa matanthwe, apeza kuti dziko lino linali ndi amisiri ace a zithunzi kale lomwe. Mbiri ya zithunzi za Zambia ndi yaitali, ndipo iphunzitsa cinthu cimodzi: cithunzi cilankhula pokha-pokha ngati alipo munthu wodziwa kunena cimene ciri m'menemo. Wodziwayo akamwalira osauza mnzace, cithunzi cikhala duu.

Zofiira za Akafula

Zithunzi zakale koposa zonse ndi zofiira. Zipezeka m'phanga la Nachikufu pafupi ndi Mpika, m'phanga la Nsalu pafupi ndi Serenje, pa matanthwe a Mwela ku Kasama, ndi ku Katolola pafupi ndi Chipata. Ku Kasama kuli zithunzi za nyama, koma zambiri za zofiirazi siziri za nyama kapena za anthu ai. Ndi mizere yoima ndi yopingasa, timadontho, zozungulira zokhala cina m'kati mwa cinzace, ndi zina zonga makwerero. Utoto wace unali mwala wofiira wopera bwino-bwino, ndipo unalowerera m'thanthwe kotero kuti mvula ya zaka zosawerengeka siinathe kuufafaniza.

Makolo a Acewa anali kusimba kuti pofika iwo kuno anapeza anthu afupi-afupi, osalima, okhala ndi moyo pa kusaka nyama ndi kufula uci. Anawacha Akafula kapena Abatwa, ndipo ena anawacha Amwandionerapati, cifukwa akuti munthu wotere akakomana nawe anali kufunsa kuti wamuonera pati, ndipo wanzeru anali kuyankha kuti wamuonera kutali, kuopa kumkwiyitsa. Anthu ophunzira za makedzana anena kuti zithunzi zofiira zinajambulidwa ndi anthu amenewa, ndi kuti zina za izo zakhala zaka zikwi zingapo.

Akafula anakhala pafupi ndi alimi nthawi yaitali. Ena anakwatirana nao, ena anatha, ndipo cinenero cao cinatha nao pamodzi. Lero ophunzira ayesa kuti zozungulira zija zinali kunena za mvula ndi kubala, koma kumeneko ndi kuyerekeza cabe. Zithunzi ziripo, eni ace kulibe, ndipo palibe wozifunsa.

Zoyera za Acewa

Pamwamba pa zofiira, m'mapanga ambiri a kum'mawa, pali zithunzi zina zoyera, zopaka ndi cala coviika m'dothi loyera. Ziri ku Thandwe m'dera la Chipata, ku Mkoma m'dera la Katete, ndi ku Kalemba m'dera la Chadiza. Izi ndi za Acewa, ndipo ziri za mitundu iwiri. Zina zifanana ndi cikopa ca nyama coyanika pansi, miyendo ili tambalale. Zimenezi zinali za anamkungwi, zophunzitsira anamwali pa cinamwali. Zina ndi zirombo za nyau.

Ophunzira aona kuti zambiri za nyau zinajambulidwa pa nthawi ya mabvuto. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo pambuyo pace a Mpezeni anadzakhala m'dziko la Acewa. Atapita masiku a nkhondo, anafika a misyoni ndi a Boma, amene ambiri a iwo sanakondwere ndi gule wamkulu. Cotero mwambo unabisala m'mapiri, ndipo thanthwe linasanduka pophunzitsira. Pa matanthwe ena pali ngakhale cithunzi ca galimoto, umboni wakuti anthu anali kujambulabe pamene magalimoto anayamba kuyenda m'miseu ya kuno.

Kusiyana kwa zoyera ndi zofiira ndi uku: pamene ofufuza anapita nao akulu-akulu a m'midzi ku mapanga, akuluwo anazindikira zirombo zina ndi kuzichula maina. Sanaulule zonse, pakuti mwambo suuzidwa kwa munthu wosalowa, koma zinaoneka kuti zithunzizi zikali ndi eni ace. Ku tsidya la malire, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zithunzi zotere, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la cuma ca dziko lonse lapansi. Caka ca 2005 bungwe lomwelo linali litalemekeza gule wamkulu wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique.

Maso a alendo

Pamene Acewa anali kupaka dothi loyera m'mapanga, ku Zambezi kunafika ojambula a mtundu wina. David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa November 1855, ataperekezedwa pa bwato ndi Makololo a mfumu Sekeletu. Eni dziko a pamenepo anali kuwacha Shungu Namutitima, koma iye anawapatsa dzina la Victoria, mfumukazi ya kwao. Buku lace la 1857 linaturuka ndi cithunzi ca mathithi cojambulidwa ku London ndi munthu amene sanawaone ndi maso. Anangotsata mau a Livingstone.

Pa ulendo wace wa 1858 Livingstone anatenga mmisiri weni-weni wa zithunzi, Thomas Baines, wobadwira ku King's Lynn ku Mangalande m'caka ca 1820. Nchito ya Baines inali iwiri: kujambula ndi kusunga katundu wa ulendo. Anajambula mudzi wa Tete, ngalawa, mitengo ndi mathithi ang'ono a Kebrabasa, kumene lero kuli dziwe la Cahora Bassa. Koma m'caka ca 1859 Livingstone anamcotsa nchito, pomnenera kuti anaononga katundu. Baines anakana mlanduwo mpaka imfa yace, ndipo olemba mbiri ambiri aweruza kuti anamlakwira. Sanataye mtima. Anayenda ndi James Chapman kucokera ku Walvis Bay, ku nyanja ya kumadzulo, nafika pa mathithi m'mwezi wa July 1862. Zithunzi zimene anajambula pamenepo zinasindikizidwa ku London m'caka ca 1865, ndipo ndi zimene zinaonetsa anthu a ku Ulaya maonekedwe eni-eni a malowo. Baines anamwalira ku Durban m'caka ca 1875.

Pa ulendo wa Zambezi womwewo panali dotolo John Kirk wa ku Scotland, amene anali ndi kamera. Makina a masiku amenewo anafuna kuti cinthu ciime nji mphindi zingapo, apo ai cithunzi cinali kuturuka mbuu. Ncifukwa cace zithunzi zambiri za Kirk ndi za milambe, nyumba ndi ngalawa, zinthu zosagwedezeka. Kumadzulo, m'dziko la Malozi, mbusa wa Cifalansa François Coillard, amene anagwira nchito kumeneko kuyambira zaka za m'ma 1880 mpaka imfa yace m'caka ca 1904, anajambula mfumu Lewanika, mudzi wa Lealui ndi anthu ace.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona kuti popanda alendowa nkhope ya Lewanika ikadaiwalika. Koma anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Alendo anapita ndi zithunzi zao. Za Baines zambiri ziri ku Royal Geographical Society ku London, za Kirk ku Edinburgh, za Coillard ku Paris. Ndiponso mlendo anali kulemba cimene iye anaciyesa cacikuru. Dzina la mfumu linalembedwa, koma opalasa bwato, onyamula katundu ndi akazi osinja pa mtondo kawiri-kawiri analembedwa ndi dzina la mtundu wao lokha. Anthu amenewa anali ndi maina, ndi mfunda, ndi midzi, ndipo adzukulu ao alipo lero, koma palibe njira yowalumikiza.

Nyumba ndi midzi imene inatha

Njanji inafika pa mathithi m'caka ca 1904, ndipo ulalo unatha m'caka ca 1905. Percy Clark, Mngerezi amene anafika m'caka ca 1903, anatsegula sitolo yogulitsa zithunzi za pa makadi kwa alendo odzaona malo. Makadi otere anayenda pa positi kufika maiko akutali, ndipo ndi mmene zithunzi za dziko lino zinayambira kugawidwa kwa anthu ambiri. Pa masiku amenewo Azungu anali kukhala pa dooko la Old Drift, kumtunda kwa mathithi, pamene malungo anapha ambiri. Mudzi wa Livingstone utamangidwa, Old Drift inasiyidwa. Lero patsala manda, ndipo nyumba zace zidziwika m'zithunzi.

Kumpoto, pa Niamkolo pafupi ndi Mpulungu, a London Missionary Society anamanga chalichi ca miyala m'zaka za 1895 ndi 1896. M'caka ca 1908 anacokapo cifukwa ca matenda a kaodzera. Denga linatha, koma zipupa ndi nsanja ziripobe m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo ndico chalichi ca miyala cakale koposa cimene catsala m'Zambia. Nyumba ya miyala itha kudikira wojambula zaka zambiri. Nyumba ya mitengo ndi udzu, imene makolo ambiri anabadwiramo, siidikira.

Umboni waukuru wa zimenezi uli ku Gwembe. Khoma la Kariba litatsekedwa kumapeto kwa caka ca 1958, madzi anamiza mbali yaikuru ya cigwa, ndipo Atonga okwana ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Minda ya m'mbali mwa Zambezi, nkhokwe, malo a nsembe ndi manda a makolo, zonse ziri pansi pa nyanja. Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder anayamba kufufuza za moyo wa anthuwa m'caka ca 1956, madzi asanakwere, ndipo iwo analemba maina a anthu, mabanja ndi midzi. Cifukwa ca kulemba kumeneko, zimene zinasungidwa za ku Gwembe zitha kulankhula kwa ana a osamutsidwawo. Madzi akatayika saoleka, koma cimene cinalembedwa cikhala.

Eni dziko agwira burashi ndi kamera

Nchito yosunga zinthu zakale inayamba pang'ono-pang'ono. Nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone inakhazikitsidwa m'caka ca 1934. J. Desmond Clark, amene anaiyang'anira kuyambira 1938 mpaka 1961, anakumba ku Nachikufu ndi kulemba za zithunzi za m'mapanga. M'caka ca 1948 Boma linaika bungwe loteteza malo akale, ndipo m'caka ca 1989 nchitoyo inapatsidwa kwa National Heritage Conservation Commission. David Phillipson anakumba ku Thandwe ndi ku Kalemba ufulu utabwera.

Pa nthawi yomweyo ana a dziko anayamba kudzijambula okha. Henry Tayali, wobadwira ku Serenje m'caka ca 1943, anaphunzira luso ku Makerere ndi ku Düsseldorf, najambula anthu wamba a m'matauni, anchito ndi osauka, amene makadi a alendo sanawasamale. Anamwalira m'caka ca 1987, ndipo nyumba ya zithunzi ya ku Showgrounds mu Lusaka ichedwa ndi dzina lace. M'makomboni ndi m'matauni munatsegulidwa nyumba zojambulira, kumene mnyamata wobwera ku migodi anali kuima ndi jekete lace latsopano kuti atumize cithunzi kumudzi. Koma bvuto lakale silinathe. Ku Fine Art Studios, nyumba yakale yojambulira mu Lusaka, kunapezeka zithunzi zambiri zimene eni ace sanabwere kudzatenga. Zinasonkhanitsidwa pa nchito yochedwa Zambia Belonging ndi kuonetsedwa kwa anthu. Nkhope ndi zokongola, zobvala zionetsa zaka zace, koma zambiri ziribe dzina.

Masiku ano pafupi-fupi munthu ali yense ali ndi kamera m'foni mwace, ndipo cithunzi ca phiri, ca chalichi cakale kapena ca gule ciyenda kucokera ku Katete kufika ku Johannesburg m'kamphindi. Cimeneci ndi cabwino, pakuti tsopano dziko lionedwa ndi maso a eni ace. Koma cithunzi coyenda msanga citayanso msanga mbiri yace. Cikadutsa m'manja asanu, palibe wodziwa kuti phirilo ndi liti, nkhalambayo ndi yani, ndi caka canji.

Mankhwala ace ndi apafupi. M'mabokosi ndi m'masutukesi a m'nyumba zambiri muli zithunzi za ukwati, za sukulu ndi za ubatizo, ndipo agogo odziwa anthu a m'menemo akali moyo. Mwana wodziwa kulemba akhale nao pansi, atenge pensulo, alembe kuseri kwa cithunzi dzina, mfunda, mudzi ndi caka. Wotumiza cithunzi pa foni acite cimodzi-modzi, ndipo wojambula mwambo ayambe wapempha kwa eni mwambo. Abusa a ng'ombe ndi osaka mbewa asasonkhe moto m'mapanga, pakuti mwaye uphimba utoto, ndipo ana a sukulu asalembe maina ao ndi makala pamwamba pa nchito ya makolo. Akafula anasiya zithunzi zopanda womasulira cifukwa panalibe amene anawafunsa iwo akali moyo. Agogo a lero alipo, ndipo akafunsidwa ayankha.