Chichewa, Boma ndi Malire: Phunziro Lochokera ku Mchinji

M'nkhani yathu ya mbiri lero tiyeni tipite ku Mchinji, boma limene atsamunda ankalitcha Fort Manning. Munthu akadutsa pachipata cha Mchinji nalowa ku Mwami m'dziko la Zambia, amakapeza a Banda, a Phiri ndi a Mwale monga omwe wawasiya kuno. Maliro amalira limodzi, Gule Wamkulu amavina mofanana, ndipo m'mwezi wa August mafumu a mbali zonse ziwiri amakasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Komabe mwana wa sukulu ku Kamwendo amati akuphunzira Chichewa, pamene msuweni wake ku Chipata amati akuphunzira Chinyanja. Kusiyana kwa mayinaku kudabwera ndi chigamulo cha boma, ndipo chigamulocho chili ndi mbiri yake.

Oyamba kulemba chiyankhulochi m'mabuku adali amishoni. David Clement Scott wa ku Blantyre adatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Kachebere ku Mchinji komweko mu 1903, ndipo Buku Lopatulika lidasindikizidwa lathunthu mu 1922. Masiku amenewo dzina la m'sukulu lidali Chinyanja. Dzina loti Chichewa lidamveka pakati pa ophunzira a kunja mu 1937, pamene Mark Hanna Watkins wa ku America adasindikiza buku la malamulo a chiyankhulochi. Amene adamuuza mawu ndi ziganizo adali wophunzira wa ku Kasungu yemwe adali ku Chicago, dzina lake Kamuzu Banda.

Tsono wophunzira uja atakhala mtsogoleri wa dziko, nkhani ya chiyankhulo sadaiiwale. Pa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party ku Lilongwe mu September 1968, nthumwi zidagwirizana kuti Chinyanja chikhale chiyankhulo cha fuko, kuti chizitchedwa Chichewa, ndiponso kuti chizigwira ntchito za boma pamodzi ndi Chingerezi. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, lomwe lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Pa wailesi, pulogalamu ya Tiphunzire Chichewa inkawongola anthu pa kalankhulidwe. M'sukulu ana adayamba kuloweza kuti mneni nchiyani, mfotokozi nchiyani, ndi kuti dzina loti munthu lili m'gulu la Mu-A pomwe chingwe lili m'gulu la Chi-Zi. Ntchitoyi idayendera limodzi ndi kusamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975 ndi kufikitsa njanji ku Mchinji mu 1980. Zonsezi cholinga chake chidali kumanga fuko limodzi.

Kuti timvetse bwino zimene zidachitikazi, tiyeni tiyang'ane kutali, ku Mexico, kumene boma lidagwiritsanso ntchito malamulo a chiyankhulo polamulira anthu. Aazteki ankalankhula Nahuatl, chiyankhulo chimene chidapatsa dziko lapansi mawu oti tomato. Asipanya atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan mu 1521, ansembe awo adakhala pansi kuphunzira chiyankhulocho. Andrés de Olmos adamaliza buku la malamulo ake mu 1547, Alonso de Molina adasindikiza mtanthauziramawu mu 1555, ndipo mu 1645 Horacio Carochi adalemba buku limene ophunzira amalitamabe mpaka lero, popeza iye adaika zizindikiro zosonyeza malembo a liwu amene amatchulidwa motalika.

Mchewa wophunzira Nahuatl chakalecho sangachione chachilendo kwenikweni. Mawu oti nimitzitta amatanthauza kuti ndikukuona. Kachigawo ka ni- nkofanana ndi ndi- wathu, mitz- akuimira wochitiridwa monga -ku- wathu wachiwiri, ndipo itta ndiye tsinde la mneni, kuona. Monga m'Chichewa, mawu amodzi amasenza chiganizo chonse.

Koma taonani mmene dzanja la boma lidatembenukira. Mu 1570 mfumu Philip II idalamula kuti Nahuatl chikhale chiyankhulo cha eni nthaka onse a ku New Spain, kotero kuti chidafalikira ngakhale kwa mitundu imene idali ndi ziyankhulo zawozawo. Mu 1770 mfumu Charles III idalamula kuti ziyankhulo za eni nthaka zitheretu, kutsale Chisipanishi chokha. Mexico atalandira ufulu mu 1821, atsogoleri ake adamanga fuko lawo pa Chisipanishi, ndipo ana olankhula Nahuatl adaphunzira kuchita manyazi ndi mawu a amayi awo. Mudali mu 2003 pamene lamulo lidavomereza kuti ziyankhulo za eni nthaka nazonso ndi ziyankhulo za fuko. Lero olankhula Nahuatl alipo oposa 1.5 miliyoni.

Kwathu kuno Chichewa chidaima pamalo pamene Nahuatl chidaima mu 1570: chiyankhulo cha eni nthaka chokwezedwa ndi boma pamwamba pa zinzake. Phindu lake lidaoneka. Mlimi wa mtedza wa kwa Mkanda amatha kugulitsana malonda ndi munthu wa ku Nsanje kapena ku Karonga popanda womasulira, ndipo uthenga wa zaumoyo ndi zaulimi umafika m'midzi yonse. Komatu akulu adati walira mvula walira matope. Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi ndi kuphunzitsidwa m'sukulu za kumpoto, chidachotsedwa pambuyo pa 1968, ndipo chidabwerera pa wailesi mu 1994. Chilonda chimenecho anthu a kumpoto sadachiiwale. Ngakhale pakati pa olankhula chiyankhulo chomwechi, katchulidwe ka m'chigawo chapakati ndiko kadayesedwa kolondola, pamene mawu a Amang'anja ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja adayesedwa opotoka.

Zambia idatsata njira ina. Idasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo cha boma, ndi kuika Chinyanja pakati pa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo. Nchifukwa chake dzina lakale lija lidatsala kutsidya kwa malire.

Chichewa Board idathetsedwa mu 1995, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe idapatsidwa udindo wosamala ziyankhulo zonse za m'Malawi. Mtanthauziramawu woyamba wofotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe utatuluka kumeneko, pachikuto pake adalembapo dzina loti Chinyanja, lomwe a ku Chipata ndi a ku Tete angalilandire ngati lawo.

Choncho, omvera athu, boma lingathe kupatsa chiyankhulo dzina, malamulo ndi malo pa wailesi, ndipo boma lina lingathe kuzichotsa. Aphunzitsi amene mawa mukalembe magulu a mayina pa bolodi, kaya ndi ku Mchinji kaya ku Rumphi, muziwauzanso anawo mmene phunziroli lidafikira m'kalasi mwawo, ndi kuti mnzawo wolankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena nayenso chiyankhulo chake chili ndi malamulo oyenera kuphunziridwa.