Mbumba ya Andrew Murray: Kuchokera ku Graaff-Reinet Kufika ku Mvera

Aliyense amene anatsegulapo Buku Lopatulika, kapena anamvapo za sukulu ya William Murray ku Nkhoma, anakomana kale ndi banja limene tikambe lero. Tiyeni tililondole kuyambira patsinde.

M'chaka cha 1822 mbusa wachinyamata wa ku Scotland, dzina lake Andrew Murray, anafika ku Cape. Nthaŵi imeneyo dzikolo linali m'manja mwa Angelezi, ndipo Bwanamkubwa Lord Charles Somerset ankaitana abusa a ku Scotland kuti mpingo wa Dutch Reformed uzoloŵere Chingelezi. Zimene ankayembekeza sizinachitike. Murray anayamba waphunzira Chidatchi ku Holland, kenaka anakhazikika ku Graaff-Reinet, nakwatira Maria Stegmann wa ku Cape komweko. Anatumikira mpingo umodzi womwewo mpaka imfa yake mu 1866, ndipo mbumba yake inasanduka eni ake a mpingo umene iye anaitanidwa kudzausintha.

Banjali linabereka ana 16, ndipo 11 ndiwo anakula. Ana aamuna asanu anakhala abusa, ana aakazi anayi anakwatiwa ndi abusa. Apa ndi pamene wolondola mzere amayamba kutuluka thukuta, pakuti maina a Andrew, Charles ndi William amabwerezedwa mbadwo ndi mbadwo. Ukangomva kuti "Andrew Murray", uyenera kufunsa kuti uti.

Andrew wachiŵiri, mwana wa woyambayo, anabadwa mu 1828 namwalira mu 1917. Iyeyu ndiye mlembi wa mabuku achikhristu wodziŵika m'maiko ambiri, ndipo mu 1886 anatsogolera abusa anzake kuyambitsa bungwe lotumiza amishoni kunja. Woyamba kutumidwa ndi bungwelo anali mwana wa mng'ono wake Charles, nayenso Andrew, amene mabuku amamlemba kuti A. C. Murray. Anafika kunyanja kuno mu 1888, ndipo pa 28 November 1889 iye ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Mbeu ya Sinodi ya Nkhoma inagwa m'nthaka tsiku limenelo.

Mu 1894 kunabwera mdzukulu wina, William Hoppe Murray, mwana wa Mbusa William wa ku Worcester. Azungu amati iye ndi A. C. anali asuweni, koma kwathu kuno ana a munthu ndi mng'ono wake sitiwatcha choncho. Ameneŵa ndi pachibale. William ndiye anasenza gawo lalikulu la ntchito yomasulira Baibulo, imene inasindikizidwa yathunthu mu 1922. Sanaigwire yekha. Pambali pake panali Amalaŵi monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse, anthu amene maina awo sitiwatchula kaŵirikaŵiri monga momwe akanayenera kutchulidwira.

Tsono nachi chimene chimasokeretsa ambiri. Mwambo wa Azungu umatsata dzina la bambo, kotero kuti mwana wamkazi akakwatiwa, ana ake amaoneka ngati a mtundu wina. Mcheŵa, amene amaŵerenga mbumba kudzera mwa amayi, sangataye anthu mwa njira yotere. Ana aakazi a ku Graaff-Reinet aja anakwatiwa ku mabanja a Neethling, Hofmeyr ndi Louw. Mmodzi mwa iwo, Jemima, anabereka A. A. Louw, amene mu 1891 anatsegula mishoni ya Morgenster pafupi ndi mabwinja a Great Zimbabwe. Uyu ndiye msuweni weniweni wa A. C. ndi William, pakuti anali mwana wa mlongo wa atate awo. Motero Mvera ndi Morgenster, mishoni ziŵiri zotalikirana zedi, zinatsegulidwa ndi adzukulu a gogo mmodzi, mosiyana zaka ziŵiri zokha. Koma woŵerenga maina okha sangaone chibale chimenechi.

Zomwezo zinachitikanso ku Nkhoma. Mwana wamkazi wa William, Pauline, anaphunzira udokotala nagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha kumeneko, makamaka pothandiza amayi ndi ana. Atakwatiwa ndi J. L. Pretorius, dzina la Murray linachoka pa iye, ndipo odwala ambiri a m'zaka zake zomaliza anamdziŵa monga Dokotala Pretorius. Iyeyu anali mdzukulutubzi wa mbusa uja anatsika m'sitima mu 1822.