Sitima za katundu zimene zinanyamula nkhondo pa Nyanja ya Malawi

Kuchokera mu 1898, pamene Fred Jane wa ku Britain anatulutsa malamulo a masewera ake a nkhondo ya panyanja oseweredwa patebulo, okonda masewerawa akhala akuthamangira sitima zokhala ndi mizinga. Yonyamula katundu amaiika pakati ngati mbuzi yodikira fisi. Ine wokulira ku Nchenachena sindigwirizana nazo, chifukwa mbiri ya nyanja yathu imanena zina.

Kalekale panyanja pankayenda mabwato, kenako zombo zamathanga za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Makanjira, zoolotsa minyanga ndi akapolo. Sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala, inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875. Inali ya amishoni a Livingstonia, ndipo anthu anachita kuinyamula zidutswazidutswa pamutu polambalala mathithi a Shire. Pambuyo pake inapita m'manja mwa kampani ya Mandala, ndipo pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga, yoyamba mu 1887, inkanyamula anthu ndi zipolopolo. Domira, ya kampani yomweyo, ndiyo inatitimira pamchenga mu Disembala 1891, tsiku limene Kaputeni Maguire anaphedwa akufuna kuwononga zombo za Makanjira.

Koma chaka chimene chimandigwira mtima ndi 1914. Ajeremani anali ndi sitima imodzi yoopsa, Hermann von Wissmann. Boma la Nyasaland linali ndi Guendolen, imene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kunyamula katundu ndi anthu a boma, ngakhale inali ndi kamzinga. Mu Ogasiti, Kaputeni Rhoades wa Guendolen anakapeza Wissmann ili pamtunda, ikukonzedwa ku Sphinxhafen, kumene lero timati Liuli. Anaombera. Kaputeni Berndt wa Wissmann, mnzake womwa naye, anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Akuti anapalasa kabwato kupita kukamukalipira, poganiza kuti mnzakeyo waledzera. Rhoades anamugwira pomwepo, n'kuchotsa mzinga wa sitima yake.

Nkhaniyi anthu amaikonda, ndipo mzinga wa Guendolen udakalipo ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Komabe ulemu umene Rhoades amalandira ndi wopyola muyeso. Kuombera sitima yogona pamtunda si chamuna chenicheni. Phindu lake linali lakuti njira ya pamadzi inatseguka, ndipo amene anaigwiritsa ntchito ndi sitima zopanda dzina pankhondo. Asilikali amene anagonjetsa Ajeremani ku Karonga pa 9 Seputembala 1914 sakanafika msanga poyenda pansi kuchokera ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi. Anakwera sitima za boma, za Mandala ndi za amishoni. Chauncy Maples, imene mpingo wa Anglican unaikhazika pamadzi mu 1901 kuti iziyendera masukulu ndi odwala a m'mbali mwa nyanja, inasanduka yonyamula asilikali. Pamene Jenerale Northey anayamba kulowa m'dera lolamulidwa ndi Ajeremani mu 1916, mpunga, ufa ndi zipolopolo zambiri zinkadzera njira yomweyi.

Ngakhale ku Ulaya anadzazindikira mochedwa kufunika kwa sitima za katundu. Mu 1942 ku Liverpool, Kaputeni Gilbert Roberts ndi atsikana a gulu la Wrens ankasewera nkhondo pansi, ndi choko ndi timitengo, ndipo funso lawo linali limodzi: sitima za katundu zingadutse bwanji Atlantic osamizidwa?

Tsono sitima zathuzi zinkadya nkhuni. Zikaima padoko, zinkapeza milu ya nkhuni itasanjidwa kale pamchenga, ndipo wina anali atazigwetsa, kuziwaza ndi kuzisenza. M'kati mwa sitima wina ankasonkhezera moto usiku wonse, thukuta lili kamukamu. Katundu akatsika ku Karonga kapena kutsidya, ankakwera pamutu pa amtengatenga, Amalawi pafupifupi 200,000 pa nkhondo yonseyo, ndipo ambiri sanabwerere kwawo.

Kwathu nyanja siioneka, koma ukakwera ku Khondowe n'kusuzumira pansi, ku Chitimba, umaona gombe limene azungu ankalitcha Florence Bay, pamene katundu wa mishoni ankatsikira asanakwere msewu wa Gorodi. Madzi omwewo ndi amene anameza Vipya pa 30 Julayi 1946, pamodzi ndi anthu 145, popanda mzinga uliwonse kulira, koma mwera basi. Ana a sukulu a ku Nchenachena atafuna kusewera nkhondo ya 1914, sakusowa zambiri: ajambule nyanja padothi, zitsekerero za mabotolo zikhale sitima, nyemba zikhale matumba a ufa, timitengo tikhale nkhuni. Lamulo loyamba ndingaike lakuti sitima imene nkhuni zaithera isasunthe, ngakhale ikhale Guendolen.