Mmene Anayezera Magetsi a Kuthambo

M'zaka za m'ma 1970, eni ake a mawailesi kwa Katuli, kufupi ndi malire a Mozambique, ankadziwa kuti dzuwa likalowa, nyumba zoulutsira mawu zakutali monga za ku Lusaka ndi Dar es Salaam zinkamveka bwino kuposa masana. Chochititsa chake chili kuthambo, ndipo akatswiri anavutika nacho zaka zambiri asanachiyeze.

Mu 1901 Guglielmo Marconi anatumiza chizindikiro cha pa wailesi kuchokera ku Cornwall kukafika ku Newfoundland, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Akatswiri anadabwa, pakuti mafunde a wailesi amayenda molunjika pamene dziko ndi lozungulira. Mu 1902 Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside anati kumwamba kuyenera kukhala mpweya wamagetsi umene umabweza mafundewo pansi. Edward Appleton anatsimikiza zimenezi mu 1924, napeza kuti mpweyawo uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Cheza cha dzuwa ndicho chimaupatsa magetsi. Masana gawo lake lam'munsi limameza mafunde ambiri. Usiku gawolo limazimirira, ndipo mawu amafika kutali.

Njira yoyezera mpweya wotere anaikonza Irving Langmuir wa ku America, amenenso anaupatsa dzina lakuti plasma mu 1928. Amalowetsa kamtengo kachitsulo mu mpweyawo, nasinthasintha mphamvu ya magetsi pa kamtengoko. Magetsi amene ayenda m'kamtengomo amaulula kuchuluka kwa tizigawo totchedwa maelekitironi ndi kutentha kwake.

Kukweza chipangizochi pa chombo cha kuthambo kunadza ndi mavuto ake. Magetsi oyezedwawo ndi ochepa zedi, kawirikawiri osafika gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a ampere, chotero pamafunika makina owakulitsa popanda kuwonjezapo phokoso lawolawo. Kalitsiro kapena kachinyezi pa waya kangathe kubera magetsiwo njira, muyezo n'kunama. Komanso magetsiwo amasintha kwambiri chombo chikamachoka padzuwa kulowa mumdima. N'chifukwa chake amisiri anakonza makina osintha okha sikelo yawo. Ndipo poti kuthambo kulibe nthaka yolumikizapo waya, thupi la chombo lenilenilo limagwira ntchito ya nthaka.

Pa 26 April 1962 chombo cha Ariel 1 chinakwera chitanyamula zipangizo zotere zochokera ku University College London. Mu July chaka chomwecho, dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya kuthambo, ndipo cheza chake chinawononga mbale zopangira magetsi a dzuwa za chombocho.

Ntchitoyi sinathere pamenepo. Mu 2013 maiko a ku Ulaya anakweza zombo zitatu zotchedwa Swarm, zonyamula timitengo ta Langmuir. Chifukwa chake n'chachikulu: m'maiko otentha mpweyawu umavunduka dzuwa likangolowa, ndipo ungathe kusokoneza GPS imene oyendetsa ndege ndi galimoto amadalira kuti asasochere.